Galimoto Yoperekezera Apongozi

Lolemba

Buluku langa labwino lang'ambika kumbuyo, kuyambira m'chiuno mpaka pansi, ndipo lang'ambikira pamaso pa apongozi.

Ndilembe mwadongosolo, monga ndimawauzira ana m'kalasi. Seveni koloko. Ndawerama kutsogolo kwa galimoto, ndikupukusa handulo yolizira injini. Koyamba, zii. Kachiwiri, yatsokomola. Kachitatu handulo yandibwezera theche ngati bulu, ine ndalumpha, buluku lakana kulumpha nane. Apongozi ali pakhonde akudyetsa Tereza phala. Mwa mwambo wathu sayenera kundiyang'ana ngakhale kumaso. Lero aona mbali imene makolo anaiwala kuiikira lamulo. Atembenukira kukhoma mwaulemu wonse, n'kuuza mwana kuti: "Tereza, uwauze atate ako kuti m'nyumba muli singano."

Tereza ali ndi miyezi leveni. Mawu amene amadziwa ndi "ta". Koma ndiye positi ofesi ya nyumba ino. Ine sindilankhula ndi apongozi, iwo salankhula nane, sitidyera pamodzi, sitikumana pakhomo. Kumudzi zimenezi n'zosavuta, njira ndi zambiri, tchire liliponso. Kuno ku Buchi, komboni ya ku Kitwe, khonsolo inatipatsa zipinda ziwiri ndi khomo limodzi. Nkhani zing'onozing'ono timalankhulira mwa Tereza. Zikuluzikulu zimadzera mwa amake.

Apongozi anachoka kwawo ku Katete kudzasambitsa khanda, masabata atatu basi. Khandalo pano likuimirira pogwira mpando. Amagona chipinda chakutsogolo, chimene chili ndi khomo, choncho m'mawa uliwonse ndimatsokomola katatu ndisanatuluke kuti afunde kumutu. Ahedi kusukulu anandifunsa mwachifundo ngati ndinagwirapo ntchito pansi pa mgodi.

Tsono nkhani yaikulu, imene amake Tereza anandiuza dzulo tikuchokera ku Misa: apongozi akupita Lamulungu likubwerali. ANabanda a m'mudzi mwawo, amene ali kwa mwana wawo ku Ndola, akwera sitima ya masana tsiku limenelo. Apongozi okha sangayende, sawerenga, ndipo pa Lusaka pamafunika kutsika n'kukafuna basi ya kum'mawa. Akaphonyana ndi aNabanda, mvula iyamba, palibenso woyenda mpaka anthu akolole.

Koma pali mfundo imodzi. "Akuti basi ya ku Ndola sakwera," akutero amake Tereza. "Kumudzi konse anamva kuti mkamwini ali ndi galimoto. Akawafunsa kuti mkati mwake mukununkhira bwanji, akayankhe chiyani?"

Galimotoyo ndinagula kwa mzungu wa kumgodi amene ankabwerera ku Joni. Titamaliza anandigwira chanza. Mzungu wa kumgodi kugwira munthu wakuda chanza, pamenepo ndinayenera kudziwa. Ana a m'komboni amaitcha Sunkeni, ndiko kuti "kankhani" m'Chibemba. Kuyambira sabata yatha, ngakhale kukankha sikukuthandiza.

Ndavala kabudula, ndapita kwa ba Mulenga, makaniko wa kuseri kwa siteji ya mabasi. Andimvetsera akutafuna kamtengo. Akuti seveni paundi, Lachinayi ikhala ikuyenda.

Seveni paundi! Ndabwerera kunyumba ndikuyankhula ndekha.

Amake Tereza akuti: "Inu munthu wa ku koleji mukapereke seveni paundi kwa Mulenga, amene dzina lake lomwe amasaina ndi chala? Nanga buku lija linabwera ndi galimoto ndi la chiyani?"

Zaka zitatu za ukwati sanatchulepo koleji yanga mwaulemu chonchi. Zandifika pamtima.

Mwayi wake, sukulu yatsekedwa sabata yonse, akukonza denga mvula isanagwe. Zida zimene ndili nazo:

sipanala ziwiri (zonse saizi imodzi)
sikurudiraiva
pulayala
buku la Chingerezi, la zithunzi
mutu

Dongosolo: Lachiwiri kukonza. Lachitatu kuyesa. Lachinayi kudutsa pa galaja ya ba Mulenga pang'onopang'ono, ndikuliza hutala.

Lachiwiri

Buku likuti galimoto ikamatsokomola osalira, kawirikawiri vuto ndi kabureta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Pachithunzi pali dzanja loyera, lopanda ndi kadontho komwe ka oyilo, likuichotsa ndi zala ziwiri.

Ine yanditengera maola atatu ndi khungu la zala zinayi.

Teni koloko. Kabureta ili panja. Ndaimasula yonse. Ndayala nyuzipepala m'lichero, ndaika tizidutswa motsatana ndi mmene ndatichotsera, kalikonse ndi nambala yake ya choko pambali. Tizidutswa twente-firii. Umu ndi mmene munthu wophunzira amasiyanirana ndi ba Mulenga. Iwo amangoponya zonse m'chitini.

Nati imodzi yotsala ikufuna sipanala yaing'ono. Ndapita kukabwereka kwa aTembo, mzere wachitatu kuchokera kwathu. ATembo ndi a mpingo uja woyenda khomo ndi khomo ndi timabuku. Sipanala andipatsa, koma nditamva kaye za chilombo cha mitu isanu ndi iwiri. Ola lathunthu.

Pobwera, lichero palibe.

Ndalipeza litatsamira khoma, lotsuka. Pathandala, pakati pa mbale ndi makapu, kabureta yanga yonse ikuwala ngati zikho za paguwa. Apongozi aona zinthu zakuda m'lichero la ufa, achita zimene mayi aliyense waulemu angachite. Akwecha ndi mchenga ndi phulusa, atsukuluza kawiri, ayanika motsata msinkhu, zazikulu uku, zazing'ono uko. Nyuzipepala ya manambala ayatsira mbaula. Timapepala topyapyala tokhala pakati pa zitsulo kuti petulo asadonthe, timene buku likutitcha magasiketi, ataya kudzala poyesa ndi litsiro. Ndapita kudzala. Nkhuku zandiyambira kale.

Mkamwini sakalipira apongozi. Mkamwini amathokoza. Ndaima chammbali, ndayang'ana mtengo wa mango, ndati: "Tereza, uwauze agogo kuti tathokoza kwambiri, zawala."

Yankho labwera kudzera njira yomweyo: "Tereza, uwauze atate ako asadandaule. Chachikulu chija chatsala mkatimo ndichitsuka mawa."

Ndatseka boneti, ndakhalapo pamwamba mpaka dzuwa kulowa. Chitsulo cha mwezi uno chimatentha. Sindinasunthe.

Lachitatu

Ndisananyamuke ndamanga boneti ndi waya, ndachonderera amake Tereza kuti afotokoze bwino kuti injini sisamba.

Kuno ku Kitwe magasiketi a galimoto yokalamba chonchi kulibe. Akuti ndikayese ku Ndola. Ndakwera basi, yomwe ija apongozi akuikana. Mipando yake ndi yabwino kuposa ya Sunkeni.

Sitolo ya zitsulo za galimoto ili ndi khomo lalikulu lagalasi, koma ife timagulira pa kawindo ka kumbali, moyang'anana ndi migolo ya zinyalala. Pamzere onse ndi antchito a m'nyumba za azungu, aliyense ndi kakalata ka bwana wake. Amapereka kakalata, kumalandira phukusi, osatsegula pakamwa. Ine ndilibe kakalata. Ndili ndi Chingerezi cha ku koleji, ndipo ndachitulutsa chonse, ndi ziganizo zake zazitali.

Kalaliki wandimvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti bwana wanga ndani.

Ndati galimoto ndi yanga. Waitana mnzake kuti adzandione. Mnzakeyo waitananso wina. Mitu itatu pa kawindo kokwana mutu umodzi.

Afunsa kuti inapangidwa chaka chanji. Sindikudziwa. Ndayerekeza ndi manja kukula kwa kabureta. Andipatsa phukusi lomata. Kuliona kaye mkati ayi, pawindo salola. Kubweza ukagula, ayinso. Chitaganya chimene chikutilamulirachi akuti ndi mgwirizano wa mitundu. Lero ndagwirizana nacho ndi naini sheleni.

Ndadzera kwa aNabanda kukatsimikiza za ulendo. Katundu wawo wamangidwa kale, akhalira pomwepo ngati nkhuku yofungatira. Andiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti: "Ndiye mwavomera kuwamasula anzanga tsopano? Mulungu akudalitseni." Sindinamvetse. Anthu okalamba amayankhula mozungulira.

Kunyumba ndatsegula phukusi. Gasiketi yake ndi yaikulu ngati mbale ya ndiwo. Mwina ndi ya lole. Tereza waikonda, akuiluma.

Sindinagonje. Gasiketi ndi pepala lolimba basi. Pepala lolimba m'nyumba muno lili pati? Chikuto cha buku lomwelo. Ndadula chikuto chakumbuyo ndi sizasi ya amake Tereza, timagasiketi tinayi tokongola. Nditamaliza ndaona kuti mkati mwa chikutocho munali chithunzi cha mmene mawaya onse amayendera. Palibe kanthu. Mawaya sindiwakhudza.

Injini sinasambitsidwe. Koma padenga la galimoto payanikidwa mfutso.

Lachinayi

Lero ndi tsiku limene ndinati ndidutse pa galaja ndikuliza hutala.

Munthu akatsegula boneti m'komboni safunika kuitana anthu. Pofika naini koloko ndili ndi komiti:

Ba Mwape, oboola miyala pansi pa mgodi, angoweruka kumene. Abwera ndi hamala yawoyawo. Akuti kumgodi makina akakana amayamba awamenya, kufunsa pambuyo.

Ba Chanda, khukhi wa mzungu wina ku mayadi. Sanagwirepo chiwongolero, koma bwana wawo ali ndi galimoto ziwiri, choncho amadziwa kalilidwe ka injini yabwino. Atisonyeza ndi pakamwa. Kangapo.

ATembo, amene atsatira sipanala yawo. Akuti makina onse a dziko lino atsala pang'ono kutha ntchito, wanga wangofulumira. Komabe andigwirira ambulera kuti dzuwa lisandiotche, ndipo pa anthu onsewa ndi okhawo athandiza.

Tizidutswa ta kabureta tabwerera m'malo mwake mwa mavoti. Aliyense akaloza, timawerenga manja. Pa kasingano kena tagawanika awiri awiri, ndiye tayamba ndale. Ba Mwape akuti Sunkeni ndi Chitaganya chenicheni: okankha ali kunja thukuta kamukamu, wokhala mkati ndi mmodzi, ndipo ndi yekhayo akunena kuti ulendo ukuyenda bwino. Onse aseka n'kuyang'ana ine. Ndakumbutsa komiti kuti ine ndimakankha nawo, dzanja limodzi pachiwongolero.

Kuti kabureta ilowe bwino tachotsa mawaya angapo amene amatchinga. Ba Chanda akuti awasunga m'mutu.

Leveni koloko. Bawuti imodzi yakana. Ndati tiithire oyilo tidikire, ndi mmene buku likunenera. Ba Mwape akuti buku silinalowepo pansi pa nthaka. Ayika sipanala, aimenya kamodzi. Bawuti ili pomwepo. Sipanala yauluka, yakalowa mu rediyeta, thanki ya madzi oziziritsa injini. Madzi a dzimbiri atuluka mwaulemu, osafulumira, mpaka pa nsapato za aTembo.

Ba Mwape akumbukira kuti sanagone. Ba Chanda akumbukira nyama ya bwana. ATembo azula sipanala yawo, aipukuta, apita.

Asanabalalike amake Tereza awapatsa tiyi wamkaka, ndi shuga wosawerenga masupuni. Tiyi wamkaka ine ndimamuona pa Khirisimasi. "Mubwerenso mawa, mudzawathandize aphunzitsi," akutero. Mkazi wanga ali ndi mtima wabwino.

Masana ba Mulenga adutsa pa njinga. Achepetsa liwiro, ayang'ana madzi, ayang'ana ine, avula chipewa. "Mwabombeni, ba Ticha." Ndi moni wamba wopatsa munthu amene ali pa ntchito. Sindinaumvepo ukuwawa chonchi.

Madzulo uthenga wafika kuchokera pakhonde: "Tereza, uwauze atate ako kuti dalaivala wa lole ya thonje kwathu, thanki ikadontha amathiramo fodya wa mphuno." Pamwala pafupi ndi tayala ndapeza kabotolo kawo ka fodya, kodzaza. Apongozi sapatsa munthu fodya wawo, ngakhale pamaliro. Ndamata bowo ndi sopo, ndathira madzi, ndathira fodya yense.

Kwatsala masiku awiri athunthu. Nthawi ilipo.

Lachisanu

Zonse zabwerera mkati. Zotsala kunja:

manati atatu
kasipuling'i kamodzi
kachitsulo kooneka ngati khutu la mbewa
waya wofiira wopanda kwawo

Ndikuganiza kuti opanga galimoto amaika zina zongowonjezera, monga mabatani apadera a jekete.

Ba Chanda abwera ndi mutu wawo uja wosunga mawaya. Usiku wapitawu munalowa mowa, mawaya anatuluka. Ndatsegula buku kuti ndione chithunzi. Chithunzi chili mu kabureta, m'zidutswa zinayi, chikugwira ntchito ina.

Talumikiza mwa nzeru zathu. Ndasindikiza hutala, nyali zayaka. Ndayatsa nyali, palibe chachitika. ATembo akuti ndi chizindikiro.

Thuu koloko. Komiti yonse ilipo, ndi amayi a pampopi, ndi ana a mizere inayi. Ndavala kabudula, sindibwereza cholakwa. Ndapukusa handulo.

Yalira!

Ndilembe bwino pamenepa, kuti adzukulu adzadziwe: ine ndekha, ndi manja anga, ndinailiza. Yalira ngati ng'ombe imene yaona mpeni, ikunjenjemera thupi lonse, mfutso ukugwa padenga. Amayi aimba nthungululu. Ndavula chipewa. Ndikuganiza kuti yalira nthawi yokwana kunena Tikuoneni Maria katatu.

Kenaka sopo wasungunuka. Nthunzi yatuluka kutsogolo, nthunzi ya fodya wa ku Katete, wosinja ndi manja a katswiri. Ba Mwape ayetsemula koyamba. Kenaka tonse. Anthu makumi atatu kuyetsemula pamodzi, misozi ili mbwembwembwe, osaonana. N'chifukwa chake palibe amene waona msanga utsi wina, wakuda, wochokera pansi pa chiwongolero.

Moto tauzimitsa ndi mchenga ndi madzi amene anatenthetsera Tereza osamba. Mawaya onse asanduka chingwe chimodzi chonunkha. Ndapukusanso handulo. Ngakhale chifuwa chija chatha. Lolemba inali galimoto yodwala. Lero sindikudziwa kuti ndiitane makaniko kapena bambo mfumu.

Kumadzulo, kuseri kwa chumuni cha mgodi, mitambo yayamba kuunjikana.

Ndawerenga pa zala: mpaka Epulo. Miyezi isanu ndi umodzi ya kutsokomola pakhomo, kudyera kuchipinda mbale ili pamaondo, kuyenda chammbali ngati nkhanu m'nyumba imene lendi ndimalipira ndine.

Apongozi sanadye madzulo ano. Akhala pamphasa kuyang'ana mitambo ija, dzanja patsaya. Ndikuganiza kuti akulira fodya wawo.

Amake Tereza akuimba potsuka mbale.

Loweruka

Amake Tereza apita kukasesa kutchalitchi ndi amayi anzawo. Ine ndalowa pansi pa galimoto. Sindikukonza kanthu. Ndi chipinda chokhacho chimene ndingagone chagada osatsokomolera munthu.

Ndamva mphasa ikuyalidwa pafupi ndi tayala lakumbuyo. Ndikuona zidendene za apongozi, ndi timiyendo ta Tereza. Akhala mondifulatira, monga mwa lamulo.

"Tereza, kodi atate ako ali maso pansipo?"

"Tereza, uwauze agogo kuti ndili maso."

Kenaka zatuluka zonse, motsitsa mawu, ngati munthu woulula machimo.

"Uwafunse, mwana wanga, kuti ine ndinawalakwira chiyani. Munda wanga sunalimidwe. Chaka chatha anandilimira ana a mng'ono wanga, ndikumva kuti mizere yake ngati munadutsa njoka yoledzera. Mbuzi zanga kaya zikundidziwabe. Ine ndinafuna kupita iwe utangotuluka m'chikuta. Amako anati atate ako akuti ndidikire umere mano. Mano anamera. Anati atate ako akuti ndidikire ukwawe. Unakwawa. Tsopano akuti atate ako alumbira kuti ndichoka pano pa galimoto yawo yokha, ndikakwera basi ndiye kuti ndawanyoza pamaso pa Abemba. Ine basi ndimaikonda, mumakhala anthu ocheza nawo. Chinthu ichi ndimachiopa. Ndachitsukira ziwiya zake kuti mwina chifulumire. Ndachipatsa fodya wanga yense. Chikufunanso chiyani?"

Ndadzuka mwadzidzidzi, kuiwala kuti pamwamba panga pali galimoto. Chotupa chili pamphumi, chikukula ndikulemba pano.

"Tereza," ndatero nditapezanso mawu, "uwauze agogo kuti atate ako sananenepo zimenezo, ngakhale chimodzi. Za mano sakuzidziwa. Za kukwawa sakuzidziwa. Iwo anauzidwa kuti agogo ndiwo akana basi."

Nkhuku yadutsa, yasuzumira pansi, yandiona, yapitirira.

"Tereza," atero apongozi pomaliza, "amako ndinabereka ndine. Ndinayenera kudziwa. Ali wamng'ono anabisapo khasu langa masiku atatu kuti ndisapite kudimba."

Kenaka aseka. Chaka chonsechi sindinawamvepo akuseka pafupi. Amaseka ngati mwana wawo, mokoka mpweya. Ine ndaseka pansi pa galimoto, iwo pamphasa, aliyense kuyang'ana kwake. Kaya mwambo umalola, sindikudziwa. Tereza wati "ta".

Twelofu koloko amake Tereza abwera. Mlandu wazengedwera kuchipinda, monong'ona, chifukwa khoma ndi la njerwa imodzi. Ndinakonzeka kuti akana. Sanakane.

"Inu mumapita kusukulu m'mawa, kubwera madzulo ndi makope oti muchonge. Ine pampopi Chibemba, kumsika Chibemba, kuulula machimo komwe Chibemba. Akazi a aTembo ukawapatsa moni amakubwezera kabuku. Amayi akapita ndiziseka ndi yani m'chinenero changa?"

Ndafunsa za galimoto.

"Mulenga akanaikonza pofika Lachinayi. Ndinadziwa kuti mukangoigwira inu, amayi ndili nawo mpaka Pasaka."

"Nanga zija munanena za koleji?"

"Ku koleji munapitadi."

Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka, ena a Chingerezi. Koma anali atayamba kulira, osati mofuna kundigonjetsa, kulira kwenikweni, akupinda ndi kupindula thewera limodzi lomwelo. Zaka zitatu ndimaganiza kuti m'nyumba muno wovutika ndine. Ndalonjeza kuti anthu akakolola apita ku Katete ndi Tereza, akakhale mwezi wathunthu. Akuti iwiri. Ndavomera. Sabata ino yandiphunzitsa kusalimbana ndi zinthu zimene sindikudziwa mmene zimayendera mkati.

Masana ndapita kwa ba Mulenga, chipewa m'manja. Abwera, ayang'ana nthawi yaitali. Atola kasipuling'i kaja, akayang'ana, andiyang'ana. Anunkhiza rediyeta, ayetsemula. Akuti matenda a Lolemba akadali seveni paundi, sanakwere. Koma mankhwala anga kuti awachotse m'thupi ndi eyiti. Adzaikoka mawa ndi lole tikaweruka ku Misa yoyamba.

Ndadzera kumsika. Chitenje cha apongozi, mchere, shuga, ndi fodya wa mphuno botolo lalikulu.

Lamulungu

Kwacha ndi mitambo. Apongozi amanga katundu kusanayere.

Amake Tereza, maso ali otupa, abwera ndi mfundo yomaliza. Buchi yense anamva kuti amayi awo achoka pa galimoto ya mkamwini. Achoka pa galimoto ya mkamwini. Galaja ili kuseri kwa siteji ya mabasi, njira ndi imodzi. Ndafunsa kudzera mwa Tereza, ndekha, popanda womasulira wina. Yankho: "Ngati sichilira, ndikwera."

Ndawatsimikizira kuti sichilira.

Hafu pasiti naini. Lole ya ba Mulenga kutsogolo, chingwe cha mayadi asanu, kenaka ife. Padenga: sutikesi, mtolo wa zofunda, ndowa yatsopano, mpando wopinda umene sindikukumbuka kuti ndinawapatsa, ndi thumba la mfutso. Kagalasi koonera kumbuyo ndakatembenuzira kudenga kuti maso athu asakumane. Apongozi akhala kumbuyo, chammbali, chitenje chatsopano chitatchinga tsaya la mbali yanga. Amake Tereza pambali pawo, mwana pamiyendo. Ine pachiwongolero, tayi pakhosi.

Chingwe chakoka. Tanyamuka.

Ndiyenera kuvomereza kuti chigulireni sinayendepo bwino chonchi. Yosatsokomola, yosanjenjemera, yosanunkha. Ana atithamangira mwa chizolowezi, manja ali okonzeka, apeza palibe chokankha, angothamanga. Ba Mwape aimirira pakhomo pawo ndi kapu ya tiyi, achita sailuti. Anthu a Misa yachiwiri apatuka m'njira. Pofika pamsika apongozi asiya kugwira mpando ndi manja awiri. Pofika pampopi waukulu dzanja limodzi lili pawindo, akubayibitsa amayi amene chaka chonse sanamvane nawo liwu ndi limodzi.

Ine ntchito yanga ndi kuponda mabuleki ba Mulenga akaima. Kawiri ndachedwa. Akuti zimenezo tidzakambirana.

Pasiteji basi ya ku Ndola yatsala pang'ono kudzaza. Amake Tereza awaperekeza mpaka m'manja mwa aNabanda, abwerera madzulo. Ndakweza katundu ndekha. Ndalipira matikiti awiri ndi katundu. Ndalama zimene ndapulumutsa sabata ino pokonza ndekha sindinaziwerenge, ndipo sindidzaziwerenga. Mawa ndipita kusukulu wapansi, ndipo zikhala choncho mpaka ba Mulenga akhute.

Asanakwere, apongozi aima mondifulatira, akonza kachipewa ka Tereza kumsana kwa amake.

"Tereza, uwauze atate ako kuti galimoto yawo ndi yofatsa. Ndakwerapo malole ambiri, koma yoyenda mwakachetechete chonchi sindinaionepo. Ndikanena kumudzi."

"Tereza, uwauze agogo ayende bwino. Akalime."

Akwera osagwira n'komwe chitseko, ngati mtsikana. Akhala pakati pa amayi awiri osawadziwa, mmodzi ndi dengu la nkhuku. Dalaivala waliza injini kamodzi kokha, yavomera. Basi isanatuluke pasiteji ndamva mawu awo pawindo, okweza, onyadira, m'Chinyanja chosasamala kuti akumva ndani: mkamwini wawo ndi mphunzitsi wa ku koleji, munthu wamanja, amaphwasula galimoto yathunthu yekha pa masiku anayi okha.

Apita.